Mabuluku Atatu Amkwana Munthu Wamwamuna

 Nkhani yathu ya lero ikukhudza abambo ndi anyamata, komabe amayi musatalikire, pakuti m'mabanja ambiri ndinu amene mumadziwa za m'bokosi la zovala koposa mwini wake. Tikambirana za buluku, limene ena amati thalauza. Kodi munthu wamwamuna afunika mabuluku angati, ndipo awasankhe motani?

Mwina ena mwaseka kale, mukuti kodi kuwailesi nkhani zatha kuti mpaka tikambe za buluku. Tadikirani, abale, mumve kaye izi.

Kuyambira mwezi wa Epulo, fodya akayamba kugulitsidwa ku okushoni ya ku Kanengo, ndalama zimayenda m'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe. Pa tsiku la msika ku Nsaru, ku Mpingu, ku Namitete, kwa Kabudula kapena ku Nambuma, mudzapeza milu ya kaunjika itazingidwa ndi anthu. Bambo wina amagula mabuluku anayi tsiku limodzi: lina loyera, lina la mizeremizere, lina lothina, lina lalitali lokwekwereza pansi. Pofika mu Januwale ndalama zija zatha. Kukagwa maliro a apongozi, bambo yemweyo amatsegula bokosi, nafwanthula zonse, koma osapeza buluku ndi limodzi lomwe loti nkuima nalo pamaso pa anthu. Mapeto ake amatuma mwana kukabwereka kwa mlamu wake. Paja akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Tsono mfundo yathu ndi imodzi. Mabuluku atatu osankhidwa mofatsa amamtumikira munthu koposa khumi ogulidwa ndi maso okha.

Kumene Tachokera

Mawu akuti buluku adachokera ku chinenero cha Afrikaans cha ku South Africa, m'mene chovalachi chimatchedwa broek. Makolo athu ambiri amene adapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ankabwerako ndi buluku labwino m'sutikesi, ndipo ankalisunga zaka zambiri ngati chuma. Mawu akuti kaki nawo adachokera ku India, ndipo tanthauzo lake ndi mtundu wa fumbi. Asilikali a Angerezi kumeneko adayamba kuvala zovala za mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1840, ndipo kuno kwathu kaki adatchuka ndi asilikali a King's African Rifles, amesenjala a kwa DC ndiponso ana a sukulu.

M'chaka cha 1967 kampani ya David Whitehead and Sons idayamba kuwomba nsalu ku Blantyre ndi thonje la alimi a dziko lino. Masiku amenewo munthu ankagula nsalu m'sitolo nakasoketsa kwa telala wa pakhonde, ndipo popeza buluku silinkapezeka wamba, ankayamba waganiza asadatulutse ndalama. Boma nalo linkalowerera pa kavalidwe. Lamulo la 1973 lidaletsa amayi kuvala mabuluku, ndipo m'zaka zomwezo abambo sankaloledwa mabuluku otambalala kwambiri kumapazi aja. Zoletsa zimenezi zidatha m'nyengo ya kusintha kwa ndale, itachitika referendamu ya 1993. Kuyambira pamenepo kaunjika wochokera ku maiko akutali adadzaza misika yathu, ndipo aliyense amadzisankhira yekha chimene avale.

Koma kaunjika amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Pamene mphamvu ya kwacha idatsitsidwa mu Meyi 2022, ndi kutsitsidwanso ndi 44 pa 100 aliyonse mu Novembala 2023, mtengo wa belo udakwera, ndipo wa buluku limodzilimodzi udatsata pambuyo. Kulakwitsa pogula tsopano kumapweteka thumba koposa kale.

Nzeru yokhala ndi zovala zochepa zimene zigwirizana zonse idatchukitsidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi mayi wina wa sitolo ya zovala ku London, dzina lake Susie Faux. Kunena zoona, agogo athu a sutikesi imodzi aja ankaidziwa kale nzeru imeneyi. Ife tingoikumbutsana.

Yambani Mwawerenga Masiku Anu

Musadapite kumsika, khalani pansi muganize kumene miyendo yanu imapita pa mlungu. Munthu wamwamuna wa kumudzi kapena wa patauni yaing'ono ali ndi malo a mitundu itatu. Poyamba pali malo a thukuta: kumunda, kudimba, m'chigafa, pangolo, pamalo oumba njerwa. Kachiwiri pali malo a paulendo: kumsika, kuchipatala, ku msonkhano wa kalabu ya alimi, kapena ku Lilongwe pa minibasi. Kachitatu pali malo a ulemu: kutchalitchi kapena kumzikiti, kumaliro, kuchinkhoswe, kubwalo la mfumu, ndiponso kokafunsira ntchito. Malo atatu, mabuluku atatu.

Loyamba ndi buluku la ntchito. Likhale la nsalu yokhuthala ya thonje, monga jinzi kapena kaki wolimba wa yunifolomu. Jinzi idapangidwira ntchito kuyambira pachiyambi. M'chaka cha 1873, ku America, telala wina dzina lake Jacob Davis pamodzi ndi wamalonda Levi Strauss adalandira chikalata cha boma chowateteza pa luso lawo lokhomera tizitsulo m'ngodya za matumba kuti asang'ambike pogwira ntchito yolemetsa. Tizitsulo timene mumationa pa jinzi lero ndi tomweto. Buluku la ntchito likhale lotaya pang'ono kuti muziwerama ndi kunyonyomala momasuka.

Abale a kwa Kabudula musandikwiyire, kabudula sindidamuiwale. Ali ndi malo ake pakhomo ndi pothirira kudimba. Koma pothyola fodya wonyowa ndi mame, kapena popopera mankhwala, miyendo iyenera kuphimbidwa. Madzi a pa tsamba laliwisi la fodya amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, ndipo munthu amatha kumva chizungulire, mutu ndi mseru. Mankhwala ophera tizilombo nawo amalowa pakhungu pomwepo.

Lachiwiri ndi buluku la paulendo. Limeneli ndilo lidzavalidwa masiku ambiri pamaso pa anthu, choncho musaliumire. Likhale la thonje lopepukirapo kapena losakaniza, la mtundu wa kaki woderako, wofiirira kapena wa phulusa, lopanda zolembalemba ndi matumba a m'mawondo. Buluku lotere mukavala ndi malaya a mikono yaifupi mwakonzeka kupita kumsika. Mukavala ndi malaya oyera ndi lamba mwakonzeka kukaonana ndi mlangizi kapena aphunzitsi aakulu a mwana wanu.

Lachitatu ndi buluku la ulemu. Likhale lodera, losalala, logwira mzere wa simbi kutsogolo. Silivalidwa kawirikawiri, koma tsiku limene lifunika silichenjeza. Uthenga wa maliro umafika usiku, ndipo m'mawa mulibe nthawi yothamangira kwa telala. Amene ali ndi jekete asankhe buluku logwirizana ndi jeketelo.

Aphunzitsi, azaumoyo, alembi ndi ena ogwira ntchito ya muofesi masiku asanu pa mlungu angathe kuwonjezapo lachinayi, la mtundu wa paulendo, kuti lina likamauma lina likhale m'thupi. Kupyola apo ndi chikondi cha munthu, osati chosowa.

Za Nsalu

M'kati mwa buluku, chakuchiuno kapena pamsoko wa m'mbali, mumakhala kansalu kolembedwa. Muzikawerenga. Mawu akuti cotton ndiye thonje, wool ndi ubweya wa nkhosa, ndipo polyester ndi ulusi wopangidwa kufakitale kuchokera ku mafuta a pansi, umene udatulukiridwa ku Britain mu 1941, womwe makolo athu ankautcha terelini.

Thonje limamwa thukuta ndi kupitisa mphepo, motero ndi bwenzi lanu m'dzuwa la Okutobala. Kuipa kwake nkwakuti limachita makwinya, limafupika pang'ono pochapa koyamba, ndipo jinzi yokhuthala imachedwa kuuma m'nyengo ya dzinja. Polyester sachita makwinya ndipo amauma msanga, koma akakhala yekhayekha amatentha thupi ndi kusunga fungo la thukuta. Ali ndi ngozi inanso: moto ukamgwira amasungunuka nkukakamira pakhungu. Abambo amene mumachezera pamoto kusiwa, kumbukirani zimenezi. Nsalu yosakaniza, imene kawirikawiri imalembedwa kuti magawo 65 polyester ndi 35 thonje, imatenga ubwino wa mbali zonse ziwiri, nchifukwa chake mayunifolomu ambiri amasokedwa ndi nsalu yotere. Ubweya wa nkhosa wopepuka ndi wabwino kwa buluku la ulemu: umafunda m'chisanu cha Juni ndi Julayi chimene chimatsikira m'madambo a ku Lilongwe, ndipo umagwira mzere bwino. Koma sufuna madzi otentha kapena kupikitsidwa mwamphamvu, pakuti umakhwinyata osabwereranso.

Ngati mukugula nsalu yokasoketsa ndipo mukukayika, pemphani kaulusi kamodzi mukatenthe ndi machesi. Thonje limayaka ngati pepala nkusiya phulusa lofewa. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopserera. Polyester amasungunuka nkusanduka kampira kolimba. Moto sunama.

Za Mtundu

Dothi la kwathu kuno ndi katondo. M'chilimwe ndi fumbi lofiira, m'dzinja ndi matope ofiira. Munthu wochoka ku Nsaru pa njinga ya kabaza atavala buluku loyera amakafika kumene akupita lili ndi mtundu wina. Lakuda bii nalonso limaonetsa fumbi msanga, ndipo likachapidwa kangapo limasuluka m'mawondo ndi kumbuyo. Mitundu yopirira ndi itatu: kaki woderako, phulusa lodera ndi buluu wodera.

Ubwino wina wa mitundu imeneyi ngwakuti imagwirizana ndi malaya a mtundu uliwonse, ngakhale osokedwa ndi chitenje. Tawerengani nane. Mukakhala ndi mabuluku awiri otuluka nawo ndi malaya asanu, ndipo zonse nkugwirizana, muli ndi mavalidwe khumi osiyana. Koma buluku lobiriwira la mizeremizere limafuna malaya akeake, ndipo malayawo akang'ambika bulukulo limangogona m'bokosi kudyetsa njenjete. Pogula, dzifunseni kuti: kodi buluku ili ndivala ndi malaya angati mwa amene ndili nawo kale? Yankho likakhala lochepera atatu, libwezeni pamulu.

Za Muyeso

Apa ndi pamene ambiri timagwera, ndipo ine ndemwe ndidagwapo. Nditangotuluka ku koleji ya aphunzitsi, ndidatumizidwa pa sukulu ina ya pulayimale ya kumudzi. Malipiro oyamba atafika ndidagula buluku lonyezimira, lothina monga ankavalira anyamata a m'tauni. Wogulitsa adati landikhala, ndipo ine ndidakhulupirira popanda kuyesa kukhala pansi. Lolemba m'mawa, ndili pakati pa phunziro la masamu mu Sitandade 5, choko chidagwa. Powerama kuti nditole, ndidangomva msoko wa kumbuyo ukulira. Ana makumi asanu ndi limodzi adamva nawo. Tsiku limenelo ndidaphunzitsa nditatsamira khoma mpaka belu lomaliza, ndipo ndidabwerera kunyumba juzi itamangidwa m'chiuno. Ndalama za theka la chakudya cha mwezi zidathera pa buluku la tsiku limodzi.

Tsono dziwani muyeso wanu. Pitani kwa telala akuyezeni m'chiuno ndi kutalika kwa mwendo kuchokera m'mphechepeche kufika pakakolo, ndipo manambalawo muwalembe. Pa mabuluku ambiri a kaunjika pamalembedwa chilembo W ndi L. W ndi kukula kwa chiuno, L ndi kutalika kwa mwendo, zonse m'mainchesi. Inchesi imodzi ndi masentimita awiri ndi theka, kotero W32 ndi chiuno cha masentimita pafupifupi 81, ndipo W34 ndi pafupifupi 86. Mabuluku ochokera ku maiko ngati Germany ndi Italy amakhala ndi manambala ena monga 48, 50 kapena 52. Musadabwe, 50 yawoyo ili pafupi ndi 34. Komabe musadalire manambala okha, pakuti chovala chogwiritsidwapo kale ntchito chimakhala chitafupika kapena chitakonzedwa ndi mwini wake woyamba. Ambiri pamsika amayesa pozunguliza chiuno cha buluku m'khosi. Njira imeneyo ingakupatseni chithunzi chabe. Yodalirika ndi kutenga kachingwe kodulidwa molingana ndi chiuno cha buluku limene limakukhalani bwino kunyumba, ndi kena kolingana ndi mwendo wake.

Mukapeza mpata wovala, yesani zinthu zinayi. Lowetsani zala ziwiri m'chiuno: zikakana, lathina, likalowa dzanja lonse, lakula. Khalani pansi. Nyonyomalani. Kenaka kwezani mwendo ngati mukukwera njinga. Kumapazi, mpendero ungokhudza pamwamba pa nsapato, osakwekwereza pansi.

Kumbukiraninso zimene telala angathe ndi zimene sangathe. Mwendo wautali amadula mosavuta. Chiuno chokulirapo ndi inchesi imodzi kapena ziwiri amabweza pamsoko wa kumbuyo. Koma buluku lothina m'ntchafu ndi m'mphechepeche palibe telala amene angalipulumutse, chifukwa nsalu yowonjezera palibe. Mukakayika pakati pa awiri, tengani lokulirapo.

Pamulu wa Kaunjika ndi Kwa Telala

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Buluku lisakukopeni ndi kunja kokha. Litembenuzeni. Liyang'anitseni kudzuwa, makamaka m'mphechepeche, m'mawondo ndi kumbuyo. Pamene kuwala kukudutsa kwambiri ndi pamene lidzayambire kubooka. Kokani misoko pang'ono muone ngati ulusi ukusekerera. Tsitsani ndi kukweza zipi katatu. Pisani m'matumba, pakuti thumba lobooka lataya ndalama za anthu ambiri. Onani tizingwe todutsamo lamba ngati tilipo tonse. Zipi yowonongeka kapena batani losowa zisakuthawitseni, izo telala amakonza, ndipo zingakuthandizeni kutsitsa mtengo. Choopa ndi nsalu yotha ndi banga la mafuta kapena la utoto.

Chitani zonsezi poyera, popanda kuopa kuti wogulitsa akuonani ngati wovuta. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ndipo ngati mungathe, fikani m'mawa pamene belo langotsegulidwa, pakuti zabwino zimapita ndi oyamba.

Kwa amene muli ndi thupi losowa muyeso wake pamsika, aatali kwambiri kapena a mimba yotsogola, telala ndiye yankho, makamaka pa buluku la ulemu. Musadampatse nsalu yanu, pemphani kuona buluku limene adasoka kale, muliyang'ane m'kati. Nsalu ya thonje muiviike kaye m'madzi ndi kuiumitsa isadadulidwe, kuti ifupikiretu. Muuzeni asoke kawiri msoko wa kumbuyo ndi wa m'mphechepeche, ndiponso asiye nsalu yapadera m'chiuno ndi pampendero, poti thupi la munthu limasintha pakati pa nthawi ya masika ndi ya njala. Mukatero mwathandizanso mmisiri wa kwanu komweko kupeza chakudya cha ana ake.

Kusamala

Mabuluku atatu sangakukwaneni mukapanda kuwasamala. Pochapa odera, atembenuzeni kuti asasuluke msanga, ndipo musawasiye pa dzuwa tsiku lonse atauma kale. Yanikani pachingwe, osati pansi kapena pa udzu. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa dothi ndi pa zovala zonyowa, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu nkuchititsa zotupa zonga zithupsa. Simbi yotentha imapha mazirawo, makamaka mukasita bwino m'misoko ndi m'chiuno. Posita buluku lodera ndi simbi ya makala, yalani kansalu konyowa pamwamba pake kuti lisanyezimire kapena kupsa.

Buluku limene mwapopera nalo mankhwala lichapidwe tsiku lomwelo, palokha, osalisakaniza ndi zovala za ana, ndiponso kutali ndi mjigo kapena chitsime. Pokwera njinga pindani mwendo wa kumanja kapena ulowetseni m'sokosi kuti tcheni isaudye. Kabowo kakangoyamba, sokani lero. Chigamba chaching'ono choikidwa m'kati sichichititsa manyazi. Buluku la ulemu mukangofika pakhomo livuleni, likung'untheni, lipachikeni motsata mzere wake. Musapite nalo kukhola, ngakhale kwa kanthawi kochepa.

Pomaliza

Mwina wina afunsa kuti, nanga ine wopanda ndalama zogulira atatu nthawi imodzi nditani? Simufunika kugula onse tsiku limodzi. Tsegulani bokosi lanu usiku uno. Mudzapeza kuti la ntchito muli nalo kale. Yambani ndi la paulendo, la mtundu wodera ndithu, kuti lizigwiranso ntchito ya ulemu kufikira mutakolola. Chaka chamawa gulani la ulemu. Kuyambira pamenepo mabuluku azitsika okha ngati makwerero: la ulemu likayamba kusuluka litsikire paulendo, la paulendo likatopa litsikire kumunda. Motero mudzagula buluku limodzi lokha pa chaka, ndipo ndalama zotsalazo zidzapita ku feteleza, ku fizi ya ana ndi ku malata a nyumba. Amene simukuvala aja, ngati ali abwino, apatseni mng'ono wanu kapena mphwanu amene angamukhale.

Amayi amene mwamvetsera mpaka pano, tsiku la msika likafika muwakumbutse abambo kachingwe kaja.